Ana amamva bwino m'kalasi, koma pa mayeso zonse zauluka

Kalata iyi yachokera kwa mphunzitsi wa sayansi kusekondale, ndipo ndaifupikitsa pang'ono:

"Ndakhala ndikuphunzitsa kwa zaka 6, koma pali chinthu chimene chikundisowetsa mtendere. Ndimakonzekera phunziro mokwanira, ndimafotokoza mpaka ana kugwedeza mitu, ndipo ndikafunsa mafunso kumapeto kwa piriyodi amayankha bwinobwino. Koma pakangotha mwezi, mutu womwewo amaupenya ngati sanaumvepo. Pa mayeso a teremu yatha, funso limene tinachitira limodzi pabolodi analikhoza ana osakwana theka. Kumaphunziro ena a aphunzitsi anatiuza kuti vuto n'lakuti mwana aliyense ali ndi njira yakeyake yophunzirira, ena ndi maso, ena ndi makutu, ena ndi manja. Ndili ndi ana oposa 70 m'kalasi ndipo silabasi ndi yaitali. Kodi kafukufuku wa mmene anthu amakumbukirira zinthu ali ndi chondithandiza, kapena ndi nkhani za m'mabuku chabe?"

Aphunzitsi, poyamba mtima ukhale m'malo. Dandaulo ili ndalimva kwa aphunzitsi ambirimbiri pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa ana komanso kusula aphunzitsi, ndipo kawirikawiri amene amadandaula chonchi ndi aja okonda ntchito yawo. Ana anu si opanda nzeru, ndipo inu simukulephera kufotokoza. Mwangokumana ndi khalidwe la ubongo wa munthu aliyense: umaiwala, ndiponso umaiwala msanga. Mu 1885, Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anafalitsa kafukufuku amene anachita pa iye mwini. Ankaloweza mindandanda ya timawu topanda tanthauzo, kenako n'kumadziyesa patapita mphindi 20, ola, tsiku, mpaka mwezi. Anapeza kuti zambiri zimataika m'maola oyambirira, kenako liwiro la kuiwala limachepa. Zinthu zatanthauzo ngati za m'kalasi mwanu sizitaika msanga ngati timawu take tija, koma njira yake ndi yomweyo. Anapezanso china cholimbitsa mtima: zimene ankaganiza kuti waiwaliratu, pozilowezanso zinkamutengera nthawi yochepa. Ndiye kuti phunziro lanu la mwezi watha silinafe. Lilimo, koma njira yokalifikira yamera udzu.

Tsono mafunso a kumapeto kwa piriyodi aja amakuuzani chiyani? Amakuuzani kuti ana amva, ndipo zimenezo n'zofunika kudziwa. Koma sakuuzani ngati adzakumbukire. Pa nthawiyo mawu anu akadali m'makutu mwawo, chithunzi chikadali pabolodi, ndiye kuyankha n'kosavuta. Apa m'pamene aphunzitsi ambiri timanyengekera, pamodzi ndi ana omwe.

Pali kafukufuku mmodzi amene ndimafuna mphunzitsi aliyense atamudziwa. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University mumzinda wa St. Louis ku America anapatsa ophunzira a kuyunivesite nkhani yaifupi yoti aphunzire. Gulu lina linangoiwerenga mobwerezabwereza pa zigawo zinayi za nthawi. Gulu lina linaiwerenga pa chigawo chimodzi chokha, ndipo pa zigawo zitatu zotsalazo linalandidwa pepalalo n'kuuzidwa kuti lilembe zonse zimene likukumbukira. Atayesedwa patangopita mphindi 5, owerenga mobwereza aja anapambana: anakumbukira 83 peresenti, anzawo 71. Patatha sabata zinthu zinatembenuka. Owerenga mobwereza anatsika kufika pa 40 peresenti, pamene olemba za m'mutu aja anali pa 61. Ndipo atafunsidwa poyamba kuti akuganiza kuti adzakumbukira bwanji, amene ankadzidalira kwambiri anali owerenga mobwereza omwe aja. Taonani bwino: gulu limene linapambana silinauzidwe chinthu chatsopano ngakhale chimodzi. Linangokakamizidwa kufukula zimene zinali kale m'mutu. Akuluakulu anati chikumbutsa nkhwangwa n'chisanu. Ubongo nawo umasunga pafupi chimene wasowapo n'kuchifunafuna, ndipo chimene sunachifunepo umachikankhira kutali.

Choncho chimene ndikukupemphani, kuposa china chilichonse m'yankho lino, ndi ichi: muchepetseko kubwereza kuwauza, muchulutse kuwafunsa, ndipo muziwafunsa patapita nthawi. Yambani piriyodi iliyonse ndi mafunso anayi kapena asanu olembedwa pabolodi ana asanakhazikike. Limodzi la dzulo, limodzi la sabata yatha, limodzi la mwezi watha, lina la teremu yatha. Makope a manotsi atsekedwe. Aliyense alembe mayankho kumapeto kwa kope lake, ali phee, kwa mphindi zitatu kapena zinayi. Kenako perekani mayankho olondola, aliyense adzichongere yekha ndi kukonza pamene walakwa. Inu simunyamula kope ngakhale limodzi, n'chifukwa chake njirayi imatheka ngakhale m'kalasi ya ana 70. Pamene akulemba, yendani m'mizere n'kumasuzumira. Mizere iwiri ikukwanirani kudziwa funso limene lawavuta. Mukatero nenani kuti amene sanakhoze nambala 3 akweze dzanja, ndipo ngati manja achuluka, funso limenelo libwerenso Lachinayi.

Zinthu zingapo zimaononga njira yabwinoyi, ndipo zonse ndinazionapo ndi maso anga. Choyamba ndi kuyankha kwa chigulu. Mukafunsa kuti mpweya umene zomera zimatulutsa popanga chakudya ndi uti, kalasi yonse n'kuyankha pamodzi, kwenikweni ayankha ana asanu, enawo angotsatira mawu. Chimodzimodzi kuloza okweza manja okha: amene wafukula m'mutu ndi mmodzi, 69 enawo angomvetsera. N'chifukwa chake ndikulimbikira kuti aliyense alembe. Mukafuna kufunsa pakamwa, funsani kaye, dikirani, kenako tchulani dzina. Mary Budd Rowe anapeza m'zaka za m'ma 1970 kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha akafunsa funso, ndipo akatalikitsa kufika masekondi atatu kapena kuposa, mayankho amatalika ndipo ana ambiri amayesa kuyankha. Masekondi atatu a chete m'kalasi amaoneka ngati chaka, koma yesani.

Chachiwiri ndi kusandutsa mafunsowa kukhala mayeso. Mukayamba kulemba malikisi kapena kulanga olakwa, ana ayamba kuonera, ndipo mwana woonera safukula kanthu. Auzeni poyera kuti mafunsowa ndi ophunzirira, ndipo kulakwa pano n'kopindulitsa chifukwa akonza lero lomwe. Koma kukonzako musakudumphe. Mwana amene walemba yankho lolakwa osauzidwa loona angathe kulimbitsa cholakwacho. Chachitatu ndi kufunsa matanthauzo a mawu okhaokha. Funso lakuti "kodi evaporation n'chiyani?" lili ndi malo ake, koma pambali pake pakhale lakuti "n'chifukwa chiyani chovala chonyowa chimauma msanga kukakhala mphepo?" Ana amakhoza mtundu wa mafunso umene anazolowera kuyankha. Ngati mayeso adzafuna kuti afotokoze zifukwa, azolowere kufotokoza zifukwa. Ndipo kumbukirani kuti munthu safukula chimene sichinakwiriridwe: ngati phunziro silinamveke tsiku loyamba, mafunso obwereza sangalikonze, pafunika kuliphunzitsanso. Barak Rosenshine, amene anafufuza kwa zaka zambiri zimene aphunzitsi ochita bwino amachita, ananena kuti pa ntchito ya m'kalasi ana azikhoza pafupifupi mafunso 8 pa 10. Akamakhoza onse ndiye kuti mafunso aphweka kwambiri; akamakhoza atatu, atopa ndipo agwa mphwayi.

Mwina mukufunsa kuti mpata pakati pa phunziro ndi kubwereza ukhale wautali bwanji. Mu 2008, Nicholas Cepeda ndi anzake anayesa anthu oposa 1,300 ndipo anapeza kuti zimadalira kuti mukufuna munthu akumbukire kwa nthawi yaitali bwanji. Wofuna kukumbukira kwa sabata abwereze patapita tsiku limodzi kapena awiri. Wofuna kukumbukira kwa chaka abwereze patapita masabata angapo. Musavutike ndi kuwerengetsa masiku. Tengani sikimu yanu, ndipo pambali pa mutu uliwonse lembani masabata atatu amene mutuwo udzatulukenso: sabata yotsatira, patapita mwezi, ndi teremu ya mawa. Homuweki nayo igawidwe, theka la lero, theka la m'mbuyo. Ana adzadandaula kuti zimenezo anaiwala. Kuiwalako pang'ono ndiye kukufunika, chifukwa kuvutika kukumbukira ndi kumene kumalimbitsa. Robert Bjork anatchula zimenezi kuti zovuta zopindulitsa: njira zimene zimachititsa phunziro kuoneka lolemera lero, koma n'kukhalitsa.

Pa mafunso owerengetsera, monga a liwiro, mphamvu ndi kulemera kwa zinthu, pali chinanso. Timakonda kupereka mafunso khumi a mtundu umodzi motsatizana. Pofika pa funso lachitatu mwana sawerenganso funso, amangolowetsa manambala m'fomula ya lero. Pa mayeso palibe womuuza kuti fomula ndi iti, ndipo m'pamene amaima mutu. Doug Rohrer ndi Kelli Taylor mu 2007 anaphunzitsa ophunzira kuwerengetsa kukula kwa mkati mwa zinthu za maonekedwe anayi. Amene anayeserera mtundu umodziumodzi anakhoza 89 peresenti poyeserera, koma 20 yokha pa mayeso patatha sabata. Amene anapatsidwa mafunso osakaniza anakhoza 60 poyeserera, ndi 63 pa mayeso. Kusakaniza kumathandiza makamaka pa zinthu zofananako zimene ana amazisokoneza, ndipo kubwere mwana atagwira kale mtundu uliwonse pawokha. Tsiku loyamba si losakaniza.

Tsiku loyambalo lili ndi nkhani yake. Yerekezani kuti m'mutu muli nkhokwe ndi chikhatho. Nkhokwe ndi yaikulu moti palibe anaidzazapo. Koma chilichonse chatsopano chimayamba chadutsa m'chikhatho, chimene akatswiri amachitcha working memory, ndipo n'chaching'ono. George Miller mu 1956 anati chimagwira zinthu pafupifupi zisanu ndi ziwiri; Nelson Cowan mu 2001 anasonyeza kuti pa zinthu zachilendo ndi pafupifupi zinayi. Inu mukamafotokoza kayendedwe ka magazi, "mtima" kwa inu ndi chinthu chimodzi chifukwa zipinda zake zinayi ndi mitsempha yake zinamangidwa kale mtolo umodzi m'nkhokwe mwanu. Kwa mwana ndi zinthu khumi zomwazikana, ndipo zimatayika m'zala. Iye agwedeza mutu ndithu, chifukwa chiganizo chilichonse pachokha chikumveka, koma sanazilumikize.

Zochita zake n'zodziwika koma timaziiwala tikamathamangira silabasi. Dulani phunziro m'tizigawo, ndipo pakati pa tizigawo ana achitepo kanthu. Musamafotokoze pamene akukopera manotsi, pakuti sangamve ndi kulemba nthawi imodzi. Chimodzi chidikire chinzake. Mayina a ziwalo alembedwe pa chithunzi pomwepo, osati pa mndandanda wa kumbali woti maso azipita uku ndi uku. Ndipo pa mutu watsopano asonyezeni chitsanzo chochitidwa kale sitepe ndi sitepe, kenako china chosiyidwa sitepe yomaliza, kenako china chosiyidwa masitepe awiri, mpaka azichita okha. John Sweller wa ku Australia ndi anzake anasonyeza kuyambira m'zaka za m'ma 1980 kuti oyamba kumene amaphunzira bwino poona zitsanzo zoterezi kusiyana ndi kuponyedwa pa funso kuti adzipezere okha njira. Koma akadziwa, zitsanzozo zimasanduka chowachedwetsa, ndiye muzizichotsa. Pa chifukwa chomwechi ndimachenjeza za ntchito ya m'magulu yoperekedwa ana asanadziwe kanthu: asanu ndi mmodzi osadziwa akakhala pamodzi amagawana kusadziwako. Gulu limapindula pamene aliyense wabwera ndi kanthu m'nkhokwe.

Pano ndiyankhe amene angati zonsezi n'kulimbikitsa kuloweza m'malo mwa kumvetsa. Ine sindiona mkangano pakati pa ziwirizi. Munthu amaganiza ndi zimene akudziwa. Mu 1988, Donna Recht ndi Lauren Leslie ku America anapatsa ana nkhani ya masewero a baseball. Ana ofooka pa kuwerenga koma odziwa masewerowo anaimvetsa ndi kuikumbukira kuposa ana odziwa kuwerenga koma osadziwa masewerowo. Mwana amene sakumbukira kuti atomu ili ndi mbali ziti, chikhatho chake chimadzaza ndi zimenezo ndipo sipatsala malo oganizira chifukwa chimene maatomu amalumikizirana. Choipa ndi kuloweza mawu opanda chogwira. Mankhwala ake ndi funso lakuti "chifukwa chiyani?" ndiponso "zikufanana bwanji ndi zija tinaphunzira?", lofunsidwa kawirikawiri mpaka ana ayambe kudzifunsa okha.

Pali chinthu china chimene ndinachiphunzira poonerera mphunzitsi wina wachinyamata waluso kwambiri. Anachita ekisiperimenti yochititsa chidwi, ana anaombera m'manja, ndipo inenso ndinasangalala. Patatha milungu iwiri ndinafunsa anawo. Onse ankakumbukira utsi ndi phokoso, ndiponso amene anathawira kumbuyo. Chifukwa chimene zinachitikira ankachidziwa ochepa. Ana amakumbukira chimene amachiganizira, osati chimene ife timafuna kuti aganizire. Ekisiperimenti musaisiye, koma isanachitike aliyense alembe chimene akuganiza kuti chichitike ndi chifukwa chake, ndipo ikatha alembe ngati analondola. Mukatero maganizo awo akhala pa sayansi, osati pa utsi pokha.

Za njira yakeyake ya mwana aliyense, ndinena mwachidule. Mu 2008, Harold Pashler ndi anzake anaunika kafukufuku wa nkhaniyi ndipo sanapeze umboni wokwanira woti kuphunzitsa mwana motsatira njira imene amakonda kumakweza zotsatira zake. Ana amakondadi zosiyana, koma njira yophunzitsira imasankhidwa ndi phunzirolo: mapu amafuna maso, katchulidwe ka mawu kamafuna makutu, kugwiritsa ntchito maikulosikopu kumafuna manja, kwa mwana aliyense. Kuphatikiza mawu ndi chithunzi choyenera kumathandiza onse. Musataye nthawi kugawa ana 70 m'magulu atatu, ndipo musalole mwana kukhulupirira kuti iye "si wowerenga".

Nanga silabasi? Sindikunamizani, mphindi 5 pa piriyodi ya mphindi 40 ndi gawo limodzi mwa magawo 8, ndipo mudzazimva. Koma werengerani masabata amene mumathera kumapeto kwa chaka mukuphunzitsanso zinthu kuchokera pachiyambi, komanso mphindi zimene mumataya pa mutu watsopano chifukwa maziko ake aiwalika. Nthawi imeneyo mukuilipira kale, kungoti mukuilipira mochedwa pamene phindu lake ndi lochepa. Ndipo musayambe zonse nthawi imodzi. Teremu ino gwirani mafunso oyambira piriyodi okha mpaka akhale chizolowezi.

Anawonso auzeni zimenezi, chifukwa maola ambiri owerenga amakhala ali okha. Mu 2013, John Dunlosky ndi anzake anaunika njira khumi zowerengera. Ziwiri zokha ndi zimene anazipeza zothandiza kwambiri: kudziyesa ndi kubwereza phunziro mosiya mpata wa masiku pakati. Kuwerenga mobwereza ndi kudula mizere pansi pa mawu, zimene ana amakonda, zinali m'gulu la zothandiza pang'ono. Aphunzitseni kutseka kope, kulemba zonse zimene akukumbukira pa mutu wina, kenako kutsegula n'kuona zimene zasowa. Chitani nawo m'kalasi kawiri kapena katatu kuti aone okha kusiyana kwake. Auzeninso kuti kuchezera usiku wonse mayeso ali mawa n'kudzibera, chifukwa ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira munthu ali m'tulo.

Munafunsa ngati izi si za m'mabuku chabe, ndipo funsolo ndi loyenera. Kafukufuku wambiri amene ndatchulayu anachitikira pa ophunzira a kuyunivesite, pa nkhani zazifupi. Koma kufunsa mobwereza kunayesedwanso m'makalasi enieni, mwachitsanzo pasukulu ina ku Illinois, ku America, kumene Roediger, Pooja Agarwal ndi anzawo anagwira ntchito kwa zaka zingapo, ndipo mfundo zimene ana anafunsidwapo m'kati mwa teremu ankazikhoza bwino pa mayeso kuposa zimene sanafunsidwepo. Manambala a m'kalasi mwanu sadzafanana ndi awo. Dziyesereni nokha: sankhani mitu iwiri yolemera mofanana, umodzi muziubwereza ndi mafunso, winawo muuphunzitse monga mwa masiku onse, ndipo pa mayeso a teremu muyerekeze. Winawo mudzaubwereze pambuyo pake kuti ana asaluze.

Pali pamene njira zonsezi sizikwanira, ndipo m'pofunika kuitana ena. Ngati patatha teremu kalasi yonse ikulepherabe mafunso a dzulo lomwe, vuto si kuiwala, ndi maziko kapena kafotokozedwe. Pemphani mkulu wa dipatimenti kapena mnzanu womudalira adzaonerere phunziro lanu atakhala kumbuyo, n'kumayang'ana makope a ana osati inu. Ngati ndi mwana mmodzi kapena awiri amene akutsalira anzawo akupita patsogolo, khalani naye pansi mumuwerengetse ndime mokweza. Ana ambiri otchedwa oiwala kwenikweni amavutika kuwerenga, kapena chilankhulo chophunzitsira sichinakhazikike, ndipo oterewa amafunika mphunzitsi wa ana ofuna thandizo lapadera. Ena saona bwino pabolodi kapena samva bwino, ndipo sanena. Ena amafika ndi njala, tulo kapena nkhawa ya kunyumba, zimene zimadzaza chikhatho chija phunziro lisanayambe. Apa lankhulani ndi makolo ndi aphunzitsi aakulu. Koma mwana amene ankakhoza bwino n'kuyamba kuiwala mwadzidzidzi, makamaka atadwala kwambiri kapena atavulala m'mutu, kapena amene amangoti duu maso ali tong'o kwa masekondi angapo osayankha mukamuitana, kenako n'kupitiriza ngati palibe chachitika, ameneyo musamudzudzule kuti samvetsera. Uzani makolo ake tsiku lomwelo kuti apite naye kuchipatala, ndipo muwalembere zimene mwaona, kangati, ndiponso nthawi yanji, kuti akasonyeze adokotala.